Kilimanjaro Kapena Mount Kenya: Kwa Amene Anafika Kale pa Sapitwa

Munthu amene anakwerapo phiri la Mulanje mpaka kufika pa Sapitwa, pa mamita 3,002, sachedwa kufunsa za phiri lina loti akaliyese, ndipo mayina amene amatchulidwa kawirikawiri ndi Kilimanjaro ku Tanzania ndi Mount Kenya ku Kenya. Mapiri awiriwa ndiwo aatali kuposa ena onse mu Africa, onse anabadwa ndi chiphalaphala chotuluka pansi pa nthaka, ndipo ngakhale ali pafupi ndi ikweta, pamwamba pake pamapezeka madzi oundana. Komabe zimene amapereka kwa wokwera n'zosiyana kwambiri, moti wosankha mongotsata kutchuka kwa dzina angathe kuwononga ndalama zambiri pa ulendo umene mtima wake sunkafuna.

Mphamvu ya Kilimanjaro ili mu kutalika kwake. Nsonga yake ya Uhuru, imene ili pamwamba pa Kibo, mutu wautali kwambiri mwa mitu itatu ya phirili, ndi yotalika mamita 5,895, ndipo mu Africa muno palibe malo ena okwera kuposa amenewa. Hans Meyer ndi Ludwig Purtscheller ndiwo analembedwa kuti anafikapo koyamba mu 1889, koma masiku ano munthu wamba amafikako ndi miyendo yokha, popanda zingwe kapena luso lokwera matanthwe. Malo amene anthu ambiri amawaopa panjira za Machame ndi Lemosho ndi khoma la Barranco, pamene manja amagwirako ntchito pang'ono, koma kwa amene anakwawapo pakati pa miyala ikuluikulu ya pansi pa Sapitwa khomali silidetsa nkhawa. Chokhumudwitsa n'chakuti phirili limakongola kwambiri ukaliona uli kutali, monga m'tauni ya Moshi m'mamawa kapena ku paki ya Amboseli, kutsidya kwa malire ku Kenya, kumene limaoneka litaima lokha pachigwa. Ukalikwera n'kudutsa nkhalango ndi tchire la m'munsi, chimene chimatsala ndi fumbi, miyala yophwanyika ndi mphepo, ndipo usiku womaliza wochokera pa msasa wa Barafu umakhala wa kuponda pang'onopang'ono mu mdima kwa maola ambiri mpaka kutulukira pa Stella Point, pafupi ndi nsonga ya Uhuru, dzuwa likutuluka.

Mount Kenya ndi phiri lakale kuposa Kibo, ndipo madzi oundana analisema kwa nthawi yaitali mpaka kutsala matanthwe osongoka pakati pake, okhala ngati mano a macheka, ozunguliridwa ndi zigwa zakuya ndi tinyanja. Nsonga zake ziwiri zazitali ndi Batian, ya mamita 5,199, ndi Nelion, ya mamita 5,188. Halford Mackinder anafika pa Batian mu 1899 mothandizidwa ndi César Ollier ndi Joseph Brocherel, ndipo panapita zaka 30 kuti Eric Shipton ndi Percy Wyn-Harris afike pa Nelion mu 1929, zomwe zikusonyeza kuvuta kwa matanthwewa. Apa m'pamene pali vuto lenileni la phirili: woyenda ndi miyendo yokha safika pa nsonga ziwirizi. Iye amathera pa nsonga yachitatu, Point Lenana, pa mamita 4,985, n'kumayang'ana Nelion ili patsogolo pake. Kwa munthu amene cholinga chake n'kuima pamwamba penipeni pa phiri, chimenechi n'chifukwa chokwanira chosankhira Kilimanjaro, ndipo sindingamutsutse.

Koma pa nkhani ya zimene maso amaona tsiku ndi tsiku, ine ndimaika Mount Kenya patsogolo. Wokwera kudzera njira ya Sirimon, yochokera cha ku Nanyuki, amadutsa m'chigwa cha Mackinder pakati pa zomera zikuluzikulu za mtundu wa lobelia ndi groundsel, mbira zikuthamanga m'miyala, mpaka kukagona pa msasa wa Shipton, pansi penipeni pa matanthwe a Batian. Akatsikira ku Chogoria, mbali ya kum'mawa, amayenda m'mphepete mwa chigwa cha Gorges n'kuona nyanja ya Michaelson ili pansi pa phompho. M'nkhalango za m'munsi muli njovu ndi njati, choncho malangizo a woperekeza si oti munthu aziwanyozera. Njira ya Naro Moru ndi yachidule, koma ili ndi chithaphwi chotsetsereka chimene chimatopetsa mvula ikagwa, ndipo sindingailimbikitse kwa amene sakufulumira. Mapiri onsewa ali pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse, Kilimanjaro kuyambira 1987 ndipo Mount Kenya kuyambira 1997.

Chimene Mulanje sangakonzekeretse munthu ndi kuchepa kwa mpweya. Pa Uhuru, mpweya umene munthu amakoka umakhala ndi okosijeni pafupifupi theka la amene amapezeka m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo mutu, nseru, kusowa tulo ndi kusafuna chakudya zimagwira ngakhale anthu amphamvu kwambiri. Chimene chimathandiza ndi masiku, osati minofu. N'chifukwa chake njira ya Marangu, imene imakopa anthu chifukwa ili ndi nyumba zogonamo pa Mandara, Horombo ndi Kibo ndipo imatheka m'masiku asanu, imabweza ambiri asanafike pamwamba, pamene Machame ya masiku asanu ndi awiri kapena Lemosho ya masiku asanu ndi atatu imapatsa thupi mpata wozolowera. Mount Kenya nalo lili ndi msampha wake, popeza usiku woyamba wa pa Sirimon umakhala pa Old Moses, pa mamita pafupifupi 3,300, pamwamba kale kuposa Sapitwa, ndipo wachiwiri umakhala pa Shipton, pa mamita pafupifupi 4,200. Kukwera kotereku n'kofulumira kwambiri, kotero kuti ndi bwino kuwonjezera tsiku limodzi pa Shipton musanapite ku Lenana. Munthu akayamba kudzandira, kusokonezeka maganizo kapena kubanika ali chikhalire, ayenera kutsika nthawi yomweyo, pa phiri lililonse mwa awiriwa.

Pa ndalama, kusiyana n'koonekeratu. Ku Kilimanjaro lamulo sililola kukwera popanda woperekeza wovomerezeka, malipiro a paki amawerengedwa pa tsiku, ndipo ulendo umayenda ndi gulu la onyamula katundu ndi wophika, amene amayembekezeranso kuthokozedwa ndi ndalama pomaliza. Mitengo yotsika imene nzika za mayiko a East African Community zimalipira ku Tanzania sikhudza Amalawi kapena anthu a ku Zambia, choncho malipirowo amakhala a madola, amene tonse tikudziwa mmene amavutira kupeza. Ulendo wa ku Point Lenana umatenga masiku anayi kapena asanu ndi gulu laling'ono, ndipo nthawi zambiri umatsika mtengo kwambiri. Anthunso amakhala ochepa m'njira, pamene misasa ya Machame m'nyengo yabwino imadzaza ndi matenti. Kilimanjaro imapambana pa chinthu chimodzi kwa wochokera ku Malawi pa basi: akadutsa chipata cha Songwe n'kufika ku Mbeya amakhala ali kale m'dziko la phirilo, ngakhale mtunda wotsala wopita ku Moshi ndi wautali.

Nyengo yokwerera ndi yofanana ku mapiri onsewa: Januwale ndi Febuluwale, kenaka kuyambira Juni mpaka Okutobala, kupewa mvula yaikulu ya Malichi mpaka Meyi ndi yaing'ono ya Novembala. Amene ali ndi luso la zingwe ndipo akufuna nsonga zenizeni za Mount Kenya ayenera kusamala kwambiri ndi kalendala, chifukwa dzuwa limasinthasintha mbali imene likuwomba: Nelion amaikwera kuchokera kum'mwera chakum'mawa pakati pa Disembala ndi Malichi, pamene Batian amaikwera kuchokera kumpoto pakati pa Julayi ndi Seputembala.