Ritalin, Elvanse, Strattera kapena mavitamini: kuyerekeza thandizo la akuluakulu amene ali ndi ADHD

Munthu wamkulu akauzidwa ndi dokotala kuti ali ndi ADHD, vuto la ubongo limene limachititsa munthu kuvutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kusakhazikika ndi kuchita zinthu mopupuluma, amapeza njira ziwiri zikumuitana. Ina ndi ya mankhwala olembedwa ndi dokotala, imene imafuna kuyezedwa, kudikira ndiponso kubwerera kuchipatala kawirikawiri. Ina ndi ya mabotolo a mafuta a nsomba, mavitamini ndi zitsamba, amene aliyense angathe kugula ku famase kapena pa intaneti popanda womufunsa. Ife amene tinakula tikutchedwa aulesi, osamva kapena oiwalaiwala timakopeka msanga ndi njira yachiwiriyi, chifukwa ilibe mapepala ndiponso sichititsa manyazi. Ndikulembera anzanga amene ali pamphambano imeneyi, ndipo maganizo anga ndiwaneneretu: zinthu ziwirizi sizifanana mphamvu ngakhale pang'ono, mpikisano weniweni uli pakati pa mankhwala atatu, ndipo mavitamini ali ndi ntchito yawo yaing'ono imene sitiyenera kuikokomeza.

Mankhwala amene ambiri timayamba nawo ndi methylphenidate, amene anapangidwa mu 1944 ndi Leandro Panizzon pa kampani ya Ciba mumzinda wa Basel ku Switzerland, n'kuyamba kugulitsidwa ndi dzina loti Ritalin. Ntchito yake ndi yoletsa mitsempha ya ubongo kumeza msanga dopamine ndi noradrenaline, timadzi timene mitsemphayo imatumizirana nato uthenga, kuti timadzito tikhalitse pang'ono pamalo pamene tikufunika. Piritsi wamba la Ritalin limayamba kugwira ntchito pasanathe ola limodzi, koma mphamvu yake imatha pakadutsa maola 3 kapena 4, choncho munthu amayenera kumwa kawiri kapena katatu patsiku. Ubwino wake ndi woti mlingo umasinthika mosavuta ndiponso mtengo wake nthawi zambiri ndi wotsika. Kuipa kwake ndi koti munthu amene vuto lake lalikulu ndi kuiwala amapatsidwa udindo wokumbukira piritsi la masana ali pakati pa ntchito, ndipo mphamvu ikamatha ena amapsa mtima kapena kufooka mwadzidzidzi. Concerta, amene anavomerezedwa ku America mu 2000, ndi methylphenidate yemweyo koma woikidwa m'piritsi lotulutsa mankhwala pang'onopang'ono kwa maola pafupifupi 12, ndipo amapezeka m'milingo ya mamiligalamu 18, 27, 36 ndi 54. Piritsi limeneli limamezedwa lathunthu, osalitafuna kapena kulidula, ndipo chikhokho chake chikaoneka m'chimbudzi musade nkhawa, popeza mankhwala amakhala atatuluka kale.

Wopikisana naye wamkulu ndi lisdexamfetamine, amene ku America ndi ku South Africa amadziwika kuti Vyvanse ndipo ku Britain ndi Elvanse. Iye ndi wa m'gulu la amphetamine, limene mbiri yake pa vutoli inayamba mu 1937, pamene dokotala Charles Bradley wa ku Rhode Island anaona kuti ana amene anawapatsa Benzedrine, mankhwala a m'gulu lomweli, anayamba kukhazikika m'kalasi. Lisdexamfetamine anavomerezedwa mu 2007, ndipo anapangidwa mwakuti sagwira ntchito mpaka atalowa m'magazi, mmene amaphwanyidwa pang'onopang'ono kuti atulutse dexamfetamine, amene ndiye amagwira ntchitoyo. Chifukwa cha zimenezi mphamvu yake imakwera mofatsa n'kukhala maola 13 kapena 14, ndipo kuwonjezera pa kuletsa dopamine kumezedwa, amachititsanso mitsempha kutulutsa dopamine wochuluka. Akuluakulu kawirikawiri amayamba ndi mamiligalamu 30, ndipo dokotala angakweze mpaka 50 kapena 70. Amene amavutika kumeza angathe kutsegula kapisozi n'kusungunula ufa wake m'madzi, zimene sizitheka ndi Concerta.

Nanga pa awiriwa wopambana ndani? Mu 2018 magazini ya Lancet Psychiatry inasindikiza kafukufuku amene anasonkhanitsa zotsatira za mayeso 133, ndipo anapeza kuti kwa ana methylphenidate ndiye woyenera kuyamba naye, pomwe kwa akuluakulu gulu la amphetamine ndilo linkatsogola. Komabe malangizo amene bungwe la NICE, lolangiza madokotala a ku England, linatulutsa chaka chomwecho amaika methylphenidate ndi lisdexamfetamine pamzere umodzi kwa akuluakulu, n'kunena kuti mmodzi akapanda kuthandiza mokwanira patatha milungu 6 ali pa mlingo woyenera, munthu ayese winayo. Ine ndimaona kuti malangizo amenewa ndi oona mtima, chifukwa palibe kuyeza magazi kumene kungakuuzeni pasadakhale kuti thupi lanu ligwirizana ndi uti, ndipo pali anthu ambiri amene mmodzi amawakana winayo n'kuwayanja. Chimene chingathandize posankha ndi kuona mmene tsiku lanu limayendera. Namwino wogwira ntchito usiku kapena wophunzira amene amawerenga m'mawa ndi madzulo angapindule ndi mapiritsi a maola ochepa, amene amawamwa pa nthawi imene akuwafuna. Kholo limene limaweruka kuntchito n'kukayamba kuphika, kuona homuweki ya ana ndi kuwerengera ndalama za pakhomo limafuna mankhwala amene sathawa dzuwa lisanalowe, ndipo pamenepo lisdexamfetamine ali ndi mwayi. Koma kutalika komweko ndi kumene kumasowetsa ena tulo akachedwa kumwa m'mawa.

Zovuta za awiriwa n'zofanana kwambiri. Onse amachepetsa chilakolako cha chakudya, amaumitsa m'kamwa, ndipo amakweza pang'ono kuthamanga kwa magazi ndi kugunda kwa mtima, n'chifukwa chake NICE imati zimenezi ziyezedwe mlingo ukasintha komanso miyezi 6 iliyonse. Amene ali ndi matenda a mtima, amene wachibale wawo anamwalira mwadzidzidzi ali wachinyamata chifukwa cha mtima, kapena amene anadwalapo matenda a maganizo oona ndi kumva zinthu zimene palibe, ayenera kuuza dokotala asanamwe ngakhale piritsi limodzi. Chimodzimodzinso mayi woyembekezera kapena woyamwitsa. Kudya chakudya chokhutitsa m'mawa mankhwala asanayambe kugwira ntchito kumathandiza kwambiri, chifukwa masana njala sibwera.

Pali vuto lina limene mabuku a zachipatala sakhalitsapo, koma ife ogwiritsa ntchito timalidziwa bwino, ndilo kapezekedwe. Mankhwala awiriwa amayang'aniridwa mwamphamvu ndi malamulo, popeza angathe kugwiritsidwa ntchito molakwika. Ku South Africa methylphenidate ali m'gulu la mankhwala a malamulo okhwima lotchedwa Schedule 6, kutanthauza kuti mwezi uliwonse pamafunika kalata yatsopano ya dokotala, ndipo ku Britain onse awiri ali m'gulu lotere lotchedwa Schedule 2. Wodutsa nawo malire a dziko ayenera kuwasunga m'paketi yake ndi kunyamula kalata ya dokotala. Ngakhale m'mayiko olemera amasowa: bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linalengeza kusowa kwa Adderall, mankhwala ena a m'gulu la amphetamine, mu Okutobala 2022, ndipo mu Seputembala 2023 boma la Britain linatulutsa chenjezo la kusowa kwa mankhwala a ADHD m'dziko lonse. Bungwe la WHO nalo linakana kuika methylphenidate pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2019 ndi 2021, ponena kuti umboni wa phindu lake kwa nthawi yaitali sunali wokwanira, ndipo mndandanda umenewu ndi umene mayiko ambiri a mu Africa amayang'anapo pokonza wawo. Choncho musanakondwe ndi mankhwala amene mwayamba, funsani ngati mudzawapeze mwezi wamawa ndi mwezi winawo.

Apa ndi pamene atomoxetine, amene anatchuka ndi dzina loti Strattera kuchokera mu 2002, amaonetsa ubwino wake. Iye si wa m'gulu la mankhwala ogalamutsa ubongo, sachititsa chibaba, ndipo sali pansi pa malamulo okhwima aja, kotero amayenerera amene anavutikapo ndi mankhwala osokoneza bongo kapena amene mankhwala awiri aja amawawonjezera nkhawa. Amagwira makamaka pa noradrenaline, ndipo akakhazikika m'thupi amathandiza usana ndi usiku popanda kukwera ndi kutsika. Koma amafuna kuleza mtima kumene ambiri a ife tilibe: pamapita milungu ingapo, nthawi zina mpaka 12, kuti phindu lake lonse lioneke, pomwe nseru, kuuma m'kamwa, kuvutika pokodza kapena kuchepa kwa mphamvu za kuchipinda zimabwera masiku oyambirira, ndipo ambiri amasiya asanalawe ubwino wake. Akuluakulu amayamba ndi mamiligalamu 40 n'kufika pa 80, ndipo sangamwedwe mwa apo ndi apo. Amene amamwa fluoxetine kapena paroxetine, mankhwala a matenda ovutika maganizo, adziwe kuti mankhwala amenewa amachedwetsa chiwindi kuphwanya atomoxetine, moti mlingo wamba ungakhale wochuluka. Pa mphamvu, kawirikawiri amatsalira pang'ono kumbuyo kwa awiri aja, koma ndi mankhwala enieni okhala ndi umboni weniweni. Palinso guanfacine ndi bupropion, amene madokotala ena amawayesa atatu aja akakanika, koma umboni wawo kwa akuluakulu ndi wochepa.

Tsopano tibwere ku mabotolo a ku famase. Mwa onse, mafuta a nsomba a omega-3 ndiwo afufuzidwa kwambiri. Kafukufuku wa mu 2011 amene anaphatikiza mayeso 10 a ana 699 anapeza kuti phindu lilipo, makamaka m'mafuta okhala ndi mtundu wa omega-3 wotchedwa EPA wochuluka, koma ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi la mankhwala. Ndipo akatswiri a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zachipatala, ataunikanso nkhaniyi mu 2023 sanapeze umboni wolimba woti mafutawa amachepetsa zizindikiro. Zambiri mwa zimenezi zinayesedwa pa ana, osati pa ife. Pa akuluakulu, mayeso odziwika ndi a mu 2014 a ku yunivesite ya Canterbury ku New Zealand, kumene anthu 80 anapatsidwa msanganizo wa mavitamini ndi michere yambiri kapena mapiritsi opanda mankhwala kwa milungu 8. Ena anapindula, koma gulu linali laling'ono, ndipo makapisozi ake anali ochuluka patsiku, osiyana kutali ndi botolo wamba la mavitamini. Tikumbukirenso kuti ku America, kumene zambiri zogulitsidwa pa intaneti zimachokera, lamulo la mu 1994 silikakamiza opanga zinthu zimenezi kuonetsa kuti zimagwira ntchito asanayambe kugulitsa.

Ayironi, zinki ndi maginiziyamu ndi nkhani ina, ndipo ndiyenera kuwachitira chilungamo. Munthu woperewera ayironi amakhala wotopa ndi wobalalika maganizo, ndipo thupi limafuna ayironi kuti lipange dopamine. Kwa iye kubwezeretsa ayironi kungasinthe zinthu ndithu. Zinki anaonetsa phindu m'mayeso a ana ku Turkey ndi ku Iran mu 2004, m'madera amene kuperewera kwa zinki n'kofala, ndipo mfundo imeneyi imatikhudza ife odya nsima, chifukwa chimanga chili ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kuyamwa zinki ndi ayironi. Komabe kubwezeretsa choperewera n'kosiyana ndi kuchiza ADHD. Kuthira feteleza m'munda wosowa chonde kumakweza zokolola, koma kuthira wochuluka m'munda wokwana kale kumangowotcha mbewu. Ayironi wochuluka amawononga chiwindi, ndipo zinki wochuluka kwa nthawi yaitali amachepetsa kopa m'thupi. N'chifukwa chake ndikulangiza kuyezetsa magazi musanagule, ndipo pa zakudya usipa, matemba, kapenta, mazira, nyemba ndi mtedza zimapereka zambiri mwa zimene botolo limalonjeza pa mtengo wotsika. Khofi ndi tiyi zimadzutsa kwa kanthawi, koma zikaphatikizidwa ndi Ritalin kapena Elvanse zimathamangitsa mtima ndi kulanda tulo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chikhulupiriro choti chinthu chogulidwa popanda kalata ya dokotala sichingapweteke. Anthu ambiri a m'mayiko athu ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir, ndipo ayironi, kashiamu, maginiziyamu ndi zinki zimamatirira mankhwala amenewa m'mimba n'kuwalepheretsa kulowa m'magazi, moti malangizo ake amati dolutegravir amwedwe maola 2 michereyi isanamwedwe kapena maola 6 itamwedwa kale. Chitsamba cha St John's wort, chimene ena amachigulitsa ngati chokhazikitsa maganizo, chinayesedwa pa ana a ADHD mu 2008 ndipo sichinapose mapiritsi opanda mankhwala, koma chimafooketsa ma ARV ndi mapiritsi olera. Vitamini C wa mlingo waukulu naye angachititse kuti amphetamine atuluke msanga mumkodzo. Popita kukaonana ndi dokotala, tengani mabotolo onse amene mumamwa, ngakhale a zitsamba, muwaike patebulo, ndipo mukagwirizana zoyesa chinthu chatsopano, sinthani chimodzi chokha pa nthawi imodzi ndi kumalemba mmene mukugonera, mmene mukudyera ndi ntchito zimene mwamaliza, kuti pakatha milungu 6 mudziwe chimene chathandizadi.