Franschhoek kapena Stellenbosch: wa ku Joni agone kuti?

Ambirife kuno ku Joni tikapeza tchuthi, mtima umathamangira basi ya kumudzi pa Park Station. Komabe alipo ena amene amafuna kukaona kaye matauni aang'ono a ku Western Cape kumene amalima mphesa ndi kupanga vinyo, ndipo mayina omwe amamveka kwambiri ndi awiri: Franschhoek ndi Stellenbosch. Kuchokera kuno kukafika ku Cape Town, mzinda waukulu woyandikana ndi matauniwa, ndi makilomita pafupifupi 1,400 pa msewu wa N1, kapena maola awiri pa ndege, ndiye ndi bwino kudziwiratu kokagona musananyamuke.

Franschhoek ndi katauni kam'chigwa, mapiri mbali zonse. Ma Huguenot, Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo, anafika ku Cape mu 1688 ndipo pambuyo pake anapatsidwa minda kumeneko, n'chifukwa chake mafamu ambiri akadali ndi mayina a Chifalansa. Msewu waukulu ndi umodzi, wodzaza malesitilanti otchuka. Chakudya n'chokoma, izo sindikana, koma mbale imabwera yaikulu, ndiwo zili pakati ngati zogawira mwana, bilu yake n'kukuumitsa pakhosi. Chomwe ndimawayamikira ndi Wine Tram, kasitima ndi mabasi ozungulira mafamu a vinyo. Mumagula tikiti ya tsiku lonse, n'kumakwera ndi kutsika pa mafamu osiyanasiyana, osadandaula zoyendetsa galimoto mutalawa vinyo. Kwa ife amene tilibe galimoto, kapena amene sitifuna kukumana ndi apolisi apamsewu tili ndi kafungo, zimenezi n'zothandiza kwambiri.

Stellenbosch ndi yakale pang'ono. Simon van der Stel, mtsogoleri wa Adatchi ku Cape nthawi imeneyo, ndiye anaiyambitsa mu 1679, ndipo mu Dorp Street mudakali nyumba zoyera zamakedzana pansi pa mitengo ikuluikulu ya oki. Mbiri ya vinyo ndi yolemera kuno: mphesa za Pinotage zinachokera ku ntchito ya Abraham Perold wa pa yunivesite ya m'tauniyi, amene mu 1925 anaphatikiza mitundu iwiri ya mphesa, Pinot Noir ndi Cinsaut. Njira yoyendera mafamu a vinyo, yoyamba m'dziko muno, inatsegulidwanso komweku mu 1971. Koma chimene chimandikoka ine ndi yunivesite ija. Kumene kuli ophunzira sikusowa chakudya chotsika mtengo, masitolo wamba ndi matakisi. Mutha kulawa vinyo wapamwamba masana, madzulo n'kukadya nyama yootcha ndi papa (nsima ya kuno) osaboola thumba. Vuto ndi lakuti mafamu ake ndi otalikirana, ndiye pamafunika Uber kapena mnzanu wosamwa woti agwire chiwongolero.

Ine ndikanati mugone ku Stellenbosch, Franschhoek mukaione tsiku limodzi. Matauniwa atalikirana ndi makilomita pafupifupi 30 okha, kudzera pa Helshoogte Pass. Okhawo amene angokwatirana kumene, kapena amene asunga ndalama zoti akadzisangalatse, ndi amene angagone ku Franschhoek osamva kuwawa.

Nyengo nayo muiganizire. Mvula ya ku Cape imagwa nthawi yozizira, cha mu June mpaka August, mosiyana ndi kuno ku Gauteng. Chikondwerero cha Chifalansa cha Bastille ku Franschhoek chimachitika mu July, choncho jekete lisatsale. Mu February ndi March kumatentha, koma ndi pamene amakolola mphesa, ndipo malo ogona amadzaza msanga.