Chibangili chozindikira mtima: mmene chayendera patapita miyezi

Nditangochilandira chibangilichi ndinalemba kuti chandipumitsa ku mapasiwedi. Mawuwo sindikuwabweza, koma panopa chadutsa nane nyengo yotentha ndi yozizira ya kuno ku England, ndipo zina zaonekera zimene sabata yoyamba sizikanaoneka.

Kwa amene simunawerenge poyamba paja: ndimagwira ntchito m'fakitale yopanga mankhwala, m'chipinda cholowa utavala magolovesi, masiki ndi ovolosi yofika kumutu. Chilichonse wachita umasainira pakompyuta, koma chala chili m'golovesi, nkhope yabisika, makina ozindikira chala kapena nkhope sangathandize. Ndiye m'mawa umavala chibangili, n'kuika chala cha dzanja linalo pakachitsulo ka pamwamba, kachitsulo kena kali kunsi kukhudza khungu. Pamenepo chimayeza timagetsi timene mtima umatulutsa pogunda, ECG yomwe ija ya kuchipatala, kungoti yopanda mawaya ambirimbiri a pachifuwa. Mzere umene timagetsito timajambula umasiyana ndi wa mnzako, ndipo si mwangozi ayi: kukula kwa mtima ndi mmene unakhalira m'chifuwa sizifanana munthu ndi munthu. Chikakuvomera, tsiku lonse umangogunditsa mkono pamakina. Ukachivula chimakuiwala mpaka utaikanso chala pakachitsulo paja.

Nzeruyi si yatsopano. Kampani ya Bionym ya ku Toronto inaonetsa chibangili chake cha Nymi mu 2013, ndipo banki ya Halifax inachiyesapo mu 2015 ngati njira yolowera mu akaunti. Kumabanki sichinakhazikike, chinakapeza malo m'mafakitale ngati athu. Chathuchi wopanga wake sindimutchula.

Vuto lalikulu lili m'mawa. Ine ndimapalasa njinga popita kuntchito, ndipo ndikafika mtima uli thi thi thi, chimandikana. Mtima ukathamanga mzere uja umapanikizana, dzanja nalo likunjenjemera, timagetsi ta minofu timasokoneza ta mtima. Ndinazolowera kuyamba ndavala ovolosi, kukhala pansi kaye, kenako n'kuyesa. M'nyengo yozizira kunabwera lina: khungu louma gwa, kachitsulo osamva kanthu. Mayi wina wa shifiti yathu ndiye anandiuza kuti, "Achimwene, nyowetsani chala pang'ono pampopi." Zinathekadi. Koma taganizani anthu akuluakulu ali pamzere pasinki, aliyense akunyowetsa chala kuti mtima wake umveke!

Batire silinandivutitse, limakwana shifiti bola kuchitchaja usiku. Lamba wake wayamba kuthetheka chifukwa cha mankhwala opukutira. Basi.

Chimene chikundidya mumtima n'china. Pasiwedi ikabedwa umasintha, khadi likatayika amakupatsa lina, koma mtima ndi womwewu. Komanso ECG siingonena kuti ndiwe yani, imanenanso za thanzi lako. Wotchi ya Apple inayamba kuyeza ECG mu 2018 pofuna kuona ngati mtima ukugunda mosokonekera, ndipo mzere umene dokotala angaonerepo matenda ndi womwewo umene ukunditsegulira kompyuta ya abwana. Atiuza kuti chidindo cha mtima chimakhala m'chibangili momwemo, sichipita kwina. Lamulo la kuno loteteza zinsinsi za anthu, UK GDPR, limaika zizindikiro za m'thupi zotere m'gulu lofuna chitetezo chapadera. Zimenezo zimanditonthozako, koma ndinapemphabe kuti andilembere papepala, ndipo aliyense wopatsidwa chibangili chotere ndingamulangize kutero asanachivale.

Nanga ndingachibweze? Ayi. M'chipinda chija kuvula golovesi kuti ulembe pasiwedi ndiye kuti uyambirenso kusamba ndi kuvala, ntchito itaima. Pamenepo chibangili chapambana kutalitali. Koma wina atati ndigule changa chotsegulira foni kapena akaunti ya kubanki, ndingakane, chala ndi nkhope zikukwanira kale kumeneko. Ndipo khadi langa lakale lolowera pakompyuta sindinalisiye, lili m'lokala, chifukwa tsiku lina ndili ndi chimfine, thupi likutentha, chibangili chinandikana mpaka kapitawo anachita kubwera kudzandilowetsa yekha.