Chithandizo cha odwala schizophrenia pachipatala china cha boma kuno ku Tete

Chipinda cha odwala matenda a maganizo chimene timaperekezako achimwene athu ndi chaching'ono, ndipo amene amationa si dokotala wamkulu koma técnico de psiquiatria, mmodzi mwa ogwira ntchito amene dziko la Mozambique linayamba kuwaphunzitsa mu 1996 chifukwa cha kuchepa kwa madokotala a matendawa. Achimwene, amene amadwala matenda a maganizo otchedwa schizophrenia, amalandira mapiritsi a haloperidol, ndipo tinachenjezedwa msanga kuti mankhwalawa amatha kuumitsa thupi ndi kunjenjemeretsa manja.

Chimene ndikuyamikira koposa ndi mmene bambowa amaphunzitsira banja za momwe wodwala amaonera anthu anzake. Anatifotokozera kuti schizophrenia imasokoneza luso lozindikira maganizo a munthu poyang'ana nkhope yake kapena pomva kamvekedwe ka mawu ake, kotero kuti munthu amene wangokhala duu angaoneke ngati wakwiya, ndipo anthu awiri akamaseka zawo pamsika, wodwala angatsimikize kuti akuseka iyeyo. Anatiuzanso kuti nkhope ya wodwala imatha kusaonetsa chisoni kapena chimwemwe ngakhale mumtima akumva zonsezo. Mfundo imeneyi inatipulumutsa, chifukwa pamaliro a amalume achimwene anakhala chete osagwetsa msozi, mpaka abale ena anayamba kunong'onezana kuti akudziwapo kanthu pa imfayo. Titawafotokozera zimene tinamva kuchipatala, manong'onong'owo anatha.

Malangizo awo ndi otheka pakhomo: tizilankhula mmodzimmodzi ndiponso mosapita m'mbali, tisamagwiritse ntchito zining'a, tisamanong'onezane achimwene ali pomwepo, ndipo kutchalitchi kapena kuukwati azikhalako kanthawi kochepa kaye. Zonsezi amazinena m'Chichewa, zomwe zimathandiza amayi amene sadziwa Chipwitikizi. Sanyoza mabanja amene anayambira kwa asing'anga, koma amawapempha mwaulemu kuti asasiyitse wodwala mankhwala.

Chodandaulitsa n'chakuti munthu mmodzi yemweyo amaonanso odwala khunyu ndi ena ambiri, motero mzere umatalika ndipo nthawi yokambirana imachepa. Kudikira m'khamu laphokoso kumawavuta kwambiri achimwene, amene amaona ngati aliyense akuwayang'anitsitsa. Mu 2022 bungwe la WHO linati schizophrenia imagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 300 alionse, choncho wogwira ntchito mmodzi sangakwanire. Amene mukufuna kupitako, lawirirani m'mawa, ndipo wodwalayo apite ndi wachibale amene amakhala naye tsiku ndi tsiku, chifukwa ndiye amene bambowa amamufunsa mafunso ambiri.