Ndemanga: Chithunzi cha mkuwa chochokera ku Igun Street, Benin City

Chithunzi cha mkuwa chimene ndikufotokoza pano ndinachigula kwa wamalonda wina amene amagulitsa ntchito za amisiri a ku Igun Street mumzinda wa Benin City, kumwera kwa Nigeria, ndipo tsopano chatha miyezi 8 chili m'manja mwanga. Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pa sukulu ya sekondale, ndipo ndinachigula pofuna kuti ophunzira anga aone ndi maso komanso agwire ndi manja chinthu chochokera mu ufumu wakale wa mu Africa muno, m'malo mongomva maina a mafumu ndi kuloweza zaka. Mtengo tinagwirizana pa WhatsApp, ndipo unafika pafupifupi theka la malipiro anga a mwezi. Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Abuja ndi amene anachilandira n'kubwera nacho pa ndege nthawi ya tchuthi. Ntchito ya mmisiri ndi yapamwamba ndipo sindinong'oneza bondo, koma zinthu ziwiri zimene wogulitsa anaonjezerapo, mankhwala okalambitsa mkuwa ndi kapepala kofotokoza mbiri, zinandikhumudwitsa kwambiri.

Chithunzichi ndi chotalika masentimita 38, m'lifupi masentimita 27, ndipo chimalemera makilogalamu 4 ndi pang'ono. Pakati pake paima mkulu wa asilikali atakweza lupanga lamwambo lotambalala ngati tsamba, limene Aedo, eni ake a ufumu wa Benin, amalitchula eben. M'khosi mwake muli mikanda yosanjikizana mpaka pachibwano, pansi pa mikandayo pali mkanda wa mano a kambuku, ndipo pachifuwa pakulendewera belu la ngodya zinayi. Kumanja ndi kumanzere kwake kuli anyamata awiri aafupi kuposa iye, wina akuimba lipenga loombera m'mbali, wina atanyamula chishango. Kufupika kwawo sikutanthauza kuti ndi ana, chifukwa m'zithunzi za ku Benin kukula kwa munthu kumasonyeza kukula kwa udindo wake. M'ngodya ziwiri zam'mwamba muli timitu ta Apwitikizi, ta tsitsi lalitali ndi ndevu zosongoka, titavala zipewa. Malo onse otsala kumbuyo kwa anthuwa adzaza ndi timaluwa ta masamba anayi ndi timadontho tambirimbiri togobedwa kamodzikamodzi, ndipo munthu ukayendetsa chala pamenepo umamva kuti panapita masiku ambiri ndi kuleza mtima.

Chimene chinandikhutiritsa koposa ndi chakuti ntchitoyi inachitika m'njira yakale ya phula, osati pa makina otulutsa zinthu zofanana zambirimbiri. Wogulitsa ananditumizira kanema wa mphindi zochepa wosonyeza ntchito ili mkati, ndipo apa ndiyenera kumuyamikira. Mmisiri amayamba ndi kuumba thunthu la dongo, kenaka amayala phula pamwamba pake n'kujambula paphulapo chilichonse chimene akufuna kuti chidzaoneke, kuyambira zikope mpaka mkanda uliwonse. Akatero amamata dongo losalala pamwamba pa phulalo, n'kuonjezera dongo lokhuthala, kusiya timipata totulukira. Chikombolecho chikauma amachiika pamoto, phula limasungunuka n'kutuluka, ndipo m'malo amene munali phula amathiramo mkuwa wosungunula. Ukazizira amaswa dongolo. Chikombole chimagwira ntchito kamodzi kokha, motero palibe zithunzi ziwiri zofanana ndendende. Umboni wake uli pa changachi: kumbuyo kwake kudakali dongo lopsa lofiira limene linakanirira m'makona, pabondo la woimba lipenga pali kabowo kakang'ono pamene mpweya unatsekeredwa, ndipo m'mphepete mukuoneka mizere ya tupa. Zimenezi sindiziwerengera ngati zilema, chifukwa ndi zimene zimandiuza kuti panadutsa dzanja la munthu.

Amisiri a ku Igun Street ndi a gulu lotchedwa Igun Eronmwon, limene luso lake limachoka kwa bambo kupita kwa mwana, ndipo kalelo linkagwirira ntchito Oba yekha, amene ndi mfumu ya Benin. Zithunzi zambiri za mtundu uwu zinapangidwa m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 ndipo zinkakhomedwa ndi misomali pa nsanamira zamatabwa za kunyumba yachifumu. Timitu ta Apwitikizi tija tili ndi chifukwa chake. João Afonso de Aveiro anafika ku Benin cha m'ma 1485, ndipo malonda anayamba kuyenda kudzera padoko la Ughoton. Apwitikizi ankabweretsa zigwinjiri za mkuwa zooneka ngati chibangili chosatseka, zimene amisiri ankazisungunula, ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 2023 anasonyeza kuti mkuwa wambiri wa zigwinjirizo unkachokera kuchigawo cha Rhineland ku Germany. Posinthana ndi zigwinjirizo, ankatenga tsabola, minyanga ya njovu, nsalu, komanso anthu ogulitsidwa ukapolo, ndipo mfundo yomalizayi sindiibisa kwa ophunzira anga. Chimene chimandigwira mtima ndi malo amene mmisiri anapatsa Mzungu: ali pakona, wamng'ono, ngati chizindikiro cha chuma chochokera kunyanja, pamene mwini dziko waima pakati.

Tsopano ndinene chimene chinandikhumudwitsa. Chithunzichi chinafika chili chakuda, chokhala ndi madontho obiriwira ngati chinthu chofukulidwa pansi, ndipo chinkanunkha mankhwala. Nditachigwira kwa kanthawi, zala zanga zinada. Nditafunsa, wogulitsa anavomera kuti amapaka mankhwala kuti zinthu zizioneka zakale, ati chifukwa ogula ambiri akunja amafuna zotero. Sanandinamize kuti ndi chakale, ndipo pa ichi ndimupatsa ulemu, koma sanandiuzenso pasadakhale kuti adzachipaka, ndipo ndikanadziwa ndikanakana. Aedo ankakonda mkuwa chifukwa cha kufiirira ndi kunyezimira kwake, komanso chifukwa suola ngati mtengo, motero kuudetsa ndi kuuchotsera chimene unkalemekezedwera. Choposa apo, mankhwalawa amanena bodza limene ine ndinagula chithunzichi kuti ndilitsutse, bodza lakuti luso la ku Benin ndi la anthu amene anatha kalekale. Mmisiri amene anapanga changachi ali moyo, ali ndi foni, ndipo akuphunzitsa ana ake. Ndinatha Loweruka lathunthu ndikutsuka ndi ndimu, phulusa losefa ndi kaburashi kofewa, ndipo mkuwa utayamba kuonekera, nkhope ya mkulu wa asilikali uja inasintha, maso ake anatseguka ndipo mikanda inayamba kuwerengeka umodziumodzi. M'timadontho ta kumbuyo mankhwala anakanirira ndipo ndawasiya.

Kapepala kamene kanabwera ndi katunduyu kali ndi ndime ziwiri m'Chingelezi, ndipo ndi kosakwanira. Kakunena bwino kuti Oba woyamba wa mzere wolamulira lero anali Eweka I, ndipo kakutchula Ewuare, amene analamulira kuyambira cha m'ma 1440 n'kukulitsa ufumu, makoma ndi ngalande zozungulira mzinda. Kakutchulanso Esigie ndi mayi ake Idia, amene anali woyamba kupatsidwa udindo wa Iyoba, mayi wa mfumu. Koma sikanena kuti ufumuwu ndi wosiyana ndi dziko la Benin la masiku ano, limene linkatchedwa Dahomey mpaka 1975, ndipo ophunzira anga ambiri anasokonezeka pa mfundo yomweyi. Kakubwerezanso dzina lotchuka la Benin Bronzes popanda kufotokoza kuti zambiri mwa zinthuzi ndi za mkuwa wosakaniza ndi zinki, osati bronze monga dzinalo likunenera, ndipo zina ndi za minyanga ya njovu ndi matabwa. Chachikulu n'chakuti chaka cha 1897 sichikutchulidwa ngakhale kamodzi. Kugulitsa chithunzi chotere osanena za chakacho kuli ngati kufotokoza za maliro osatchula womwalirayo.

Zimene kapepalako kanasiya ndi izi. Mu 1892 Henry Gallwey, woimira boma la Britain, anachititsa Oba Ovonramwen kuvomereza pangano loika Benin pansi pa chitetezo cha Britain, koma Oba anapitiriza kulamulira malonda a mafuta a kanjedza ndi zinthu zina monga kale, ndipo amalonda a Chingelezi anadandaula. Kumapeto kwa 1896 James Phillips, amene ankagwirizira udindo wa mkulu wa Niger Coast Protectorate, dera la kugombe limene Britain inkalamulira, analembera ku London kupempha chilolezo chochotsa Oba pampando, ndipo ananenanso kuti minyanga ya m'nyumba yachifumu idzabweza ndalama zimene boma lingaononge. Asanalandire yankho ananyamuka ulendo wa ku Benin, ngakhale anauzidwa kuti adikire chifukwa Oba anali pamwambo. Pa 4 January 1897 gulu lake linaukiridwa pafupi ndi mudzi wa Ugbine, ndipo Azungu 7 anaphedwa pamodzi ndi amtengatenga ambiri a mu Africa, amene mabuku ambiri saawerengera n'komwe. Patangotha masabata ochepa, asilikali a Britain pafupifupi 1,200 otsogozedwa ndi Harry Rawson anafika ndi mfuti zachiwaya za Maxim, ndipo pa 18 February analanda mzinda. Patapita masiku ochepa moto unapsereza nyumba yachifumu ndi mbali yaikulu ya mzindawo. Angelezi anafalitsa kwambiri nkhani ya nsembe za anthu zimene anazipeza kumeneko, ndipo nsembezo zinalipodi, koma kalata ya Phillips ikusonyeza kuti maganizo olanda ufumu analipo kale magazi asanakhetsedwe ku Ugbine. Ovonramwen anatumizidwa ku Calabar, kumene anamwalira mu 1914, ndipo chaka chomwecho mwana wake anakhala pampando monga Eweka II n'kuyamba kudzutsanso ntchito za amisiri.

Zinthu zikwizikwi zinatengedwa m'nyumba yachifumu ndi pamaguwa a makolo, zina n'kugulitsidwa ku London, zina asilikali n'kugawana. Lero British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku London, ili ndi zoposa 900, ndipo Berlin inagula mazanamazana kudzera mwa Felix von Luschan, katswiri wa kunyumba yosungiramo zinthu zakale ya kumeneko. Mu 1977, pamene chigoba cha minyanga cha nkhope ya Idia chinasankhidwa kukhala chizindikiro cha FESTAC, chikondwerero cha luso ndi chikhalidwe cha anthu akuda, ku Lagos, Britain sinalole kuchibwereketsa, ndipo Anaijeriya anachita kusema china. Kubweza kwayamba mochedwa: mu October 2021 Jesus College ya ku Cambridge inabweza tambala wa mkuwa wotchedwa Okukor ndipo University of Aberdeen inabweza mutu wa Oba, mu 2022 Germany inasamutsira ku Nigeria umwini wa zinthu zoposa 1,000, ndipo mu 2025 Netherlands inabweza 119. British Museum imanena kuti lamulo la mu 1963 siliilola kupereka zimene ikusunga. Oba wa lero, Ewuare II, amene anavekedwa ufumu mu 2016, akupitiriza kuitanitsa chuma cha makolo ake. Zonsezi zikanakwana pa tsamba limodzi, ndipo wogula aliyense akanadziwa chifukwa chake mwana wa ku Benin City amafunika chiphaso cholowera ku Britain kuti akaone ntchito za agogo ake.

M'kalasi chithunzichi chagwira ntchito kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndimachiyendetsa mzere ndi mzere tikamaphunzira za kugawidwa kwa Africa kotsatira msonkhano wa ku Berlin wa mu 1884 ndi 1885, ndipo kulemera kwake kokha kumakhazika chete ana amene nthawi zonse amalongolola. Mnyamata wina anachitembenuza, n'kukanda dongo lopsa lija ndi chikhadabo, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti anthu amenewa ankadziwa kusungunula zitsulo Azungu asanabwere?" Funso limeneli linatitengera phunziro lonse, mpaka tinafika pa ng'anjo ndi mivukuto ya makolo athu a Chimaravi. Mtsikana wina wa ku Ntcheu, atamva za Ovonramwen, anakumbutsa anzake kuti Inkosi Gomani anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896, miyezi yochepa Benin isanagwe, ndipo kuyambira pamenepo nkhaniyi sanaionenso ngati ya kutali. Patatha miyezi 8 chikudutsa m'manja mwa ana oposa 200, palibe chimene chathyoka, ngakhale lupanga la eben limene ndi lopyapyala ndipo ndinkaliopera kwambiri.

Kwa amene akufuna kugula, pali zinthu zingapo zoyenera kuzidziwiratu. Chithunzichi chilibe chokolowekera kumbuyo, chili ndi mabowo anayi okha m'makona monga zinalili zakale, motero ndinapempha kalipentala kuti achikhomere pa thabwa la mlombwa ndi zomangira zinayi, chifukwa msomali umodzi pakhoma la njerwa sungapirire kulemera kwake. Kapakidwe kake kanali kosasamala, nyuzipepala ndi katoni yopyapyala basi, ndipo chinafika bwino chifukwa mlamu wanga anachikulunga m'zovala. Pemphani kalata yotsimikizira kuti ndi ntchito yatsopano, pakuti malamulo a Nigeria amaletsa kutulutsa zinthu zakale popanda chilolezo, ndipo chinthu chopakidwa mankhwala okalambitsa chingathe kubweretsa mafunso pabwalo la ndege. Nthawi ya mvula mkuwa umayamba kuda msanga, ndipo ine ndimaupukuta ndi nsalu youma kamodzi pa mlungu.

Ntchito ya mmisiri ndikuipatsa nyenyezi zonse zisanu, koma kagulitsidwe kake ndikukapatsa zitatu. Ndatumizanso uthenga kwa wogulitsa yemweyo kuitanitsa mutu wa Iyoba wa chisoti chosongoka cha mikanda, ndipo ndamuuza zinthu ziwiri zimene ndikufuna asanalandire ndalama: mutuwo ubwere wonyezimira monga mmene wachokera m'manja mwa mmisiri, ndipo dzina la mmisiriyo ndi chaka chimene waupanga zilembedwe kunsi kwake.