Tsamba la ziwerengero la World Bank: ndi lodalirika, koma musathamangire mzere woyamba

Amene akufuna kuona mmene mayiko awiri akhala akuikira chuma pa zomangamanga ndi makina kwa zaka zambiri, ayambire pa data.worldbank.org. Ndi laulere, silifuna kulembetsa, ndipo ziwerengero za mayiko ena zimayambira 1960.

M'bokosi lofufuzira lembani Gross fixed capital formation, musankhe mzere wopereka peresenti ya GDP, kutanthauza mtengo wa zonse zimene dziko lapanga pa chaka. Nambala yake ndi NE.GDI.FTOT.ZS. Kenako onjezani mayiko anu, tinene China ndi India, ndipo mizere iwiri ituluka pa chithunzi chimodzi. Ziwerengerozo mungazitsitse ngati CSV, XML kapena Excel. Fayilo ya CSV imakhala ndi mizere inayi ya mawu pamwamba, ichotseni musanayambe kuwerengera.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Pali muyezo wina wa dzina lofanana, Gross capital formation, nambala NE.GDI.TOTL.ZS. Woyamba uja umawerenga misewu, njanji, mafakitale, nyumba ndi makina. Wachiwiriwu umaonjezerapo kusintha kwa katundu wosungidwa m'nkhokwe za makampani komanso zinthu zamtengo wapatali monga golide. Kwa India, kumene golide amagulidwa kwambiri, kusiyanako si kwamasewera. Mukatenga muyezo uwu ku dziko limodzi ndi winawo ku linzake, ntchito yonse yalakwika. Tsambali silikuchenjezani, ndipo ichi ndi chofooka chake chachikulu.

Mukasankha bwino, nkhani imaoneka yokha. China yakhala pamwamba pa 40 peresenti kwa zaka zoposa khumi, ndipo mzere wake unadumpha boma litalengeza mu November 2008 ndondomeko ya 4 thiriliyoni yuan yotsitsimutsira chuma. India inafika pachimake cha m'ma 2007, kenako inatsika n'kumazungulira pa 30 peresenti.

Chenjeraninso ndi kalendala. China imawerenga chaka kuyambira January mpaka December, pomwe chaka cha zachuma ku India chimayamba mu April n'kutha mu March. Choncho chimene chalembedwa 2020 pa India chikufika mpaka March 2021. Poyerekeza zaka makumi atatu, izi sizisokoneza kwenikweni, koma poyerekeza chaka chimodzi cha mavuto zimasocheretsa. Mfundo yofunika chonchi anaibisa m'mawu ofotokozera dziko, kumene owerenga ochepa amafikako.

Muyezowu umapezekanso m'madola, ndipo za madolazo n'zachidule. Mzere wa madola a chaka chomwecho umasakaniza kukwera kwa mitengo ndi kugwa kwa ndalama ya dzikolo, ndiye pa zaka zambiri tengani wa madola okhazikika pa mitengo ya 2015. Musasokonezenso ndi FDI, imene ndi ndalama zochokera kunja zokha zoikidwa m'mabizinesi.

Chimene tsambali silingakuuzeni ndi phindu la zomangidwazo. Nyumba zopanda okhalamo ndi fakitale yogwira ntchito usana ndi usiku zimalowa m'mzere umodzimodzi. N'chifukwa chake ndi bwino kuika pambali pake mzere wa kukula kwa GDP, muone ngati chuma choikidwacho chikubala. Ziwerengero zimachedwanso ndi chaka chimodzi kapena kuposerapo. Wofuna za chaka chino ndi zoyembekezeka m'tsogolo apite ku World Economic Outlook ya IMF, yotuluka mu April ndi October, koma asalumikize manambala a mabungwe awiriwa m'mzere umodzi.