Paipi ya nthunzi pa injini ya LS: kit yonyezimira inandidyera ndalama

Chiikireni V8 mu Land Cruiser 80 yanga, anthu atatu andifunsa kale funso limodzimodzi, wina pa Down Shops, wina ku Kapata muno mu Chipata, wina pafoni usiku ndili m'tulo: kapaipi kotulutsa nthunzi kochokera pamahedi (zivundikiro za pamwamba pa masilinda) kaja tikalumikize kuti? Ndatopa kujambula pansi ndi kamtengo, choncho ndilembe kamodzi.

Yanga ndi LS1 ya malita 5.7, yochotsedwa mu Chevrolet Lumina SS ku Johannesburg. Za mphamvu yake sindinena, mumazidziwa kale. Chimene ambiri saona n'chakuti hedi iliyonse ili ndi kabowo kutsogolo ndi kumbuyo, anayi onse pamodzi. Madzi pa injini imeneyi amalowa ndi kutulukira kutsogolo kumene kuli pampu, m'munsi mwa nsonga ya mahedi, ndiye mpweya ndi nthunzi zimakatsakamira pamwamba. Nthunzi siziziritsa chitsulo. Pamene yakhalapo pamatentha mopitirira, geji n'kumakunamizani kuti zonse zili bwino. GM, kampani yopanga Chevrolet, itatulutsa injiniyi mu 1997 inalumikiza mabowo onse anayi. Pambuyo pake inatseka awiri akumbuyo n'kusiya paipi yakutsogolo yokha.

Pali amakanika amene angokuuzani kuti titseke onse anayi. Hedi ya aluminiyamu ikapindika sadzakugulirani ina. Imeneyo tisiyire pomwepo.

Tsopano kit yogula pa intaneti yolumikiza mabowo onse anayi, imene inandipusitsa ine. Pa chithunzi inali yokongola zedi: mahozi anayi okutidwa ndi waya woluka, mafitingi akuda, ndi kabokosi ka aluminiyamu kokumanirapo onse. Mtengo wolembedwa pamenepo ndinaupirira. Chimene sindinawerengere ndi ulendo wake. Wotumiza katundu analipiritsa potengera kukula kwa katoni osati kulemera kwake, kenako msonkho, kenako ya basi kuchokera ku Lusaka, kenako ina imene anangoitcha "handling". Pofika m'manja mwanga, zoonjezerazo zinali zitaposa kit yeniyeniyo. Kutsegula katoni, ma O-ring, timphira tozungulira totsekera madzi, anali atatu m'malo mwa anayi. Wogulitsa anayankha uthenga woyamba mwaulemu, wachiwiri sanauwerenge n'komwe.

Ndinapeza O-ring yofananako m'tauni n'kuiika kumbuyo. Apa ndivomere, mlandu wina ndi wanga. Koma taganizani malo ake: mabowo akumbuyo ali kuseri kwa intake, chogawira mpweya ku masilinda, pafupi ndi chipupa cha injini, pamene dzanja limalowa koma sipanala sitembenuka. Fitingi umaimanga mopapasa ngati mumdima. Miyezi iwiri zonse zinali zii. Mu October, tikupita ku Lusaka, titadutsa Nyimba n'kuyamba mapiri a ku Kacholola, ndinamva kafungo kotsekemera ka coolant. Pansi panalibe dontho. Pa Luangwa Bridge ndinathira madzi, ndinathiranso pobwera, ndipo galimoto inayamba ulesi pamtunda ngati yanyamula matumba a fetereza.

Titachotsa intake ku Chipata m'pamene ndinaona. Pa LS1 ma knock sensor awiri, masensa omva kugogoda kwa injini, amakhala m'maenje pakati pa mahedi, pansi pa intake. Madzi odontha aja ankatsikira m'dzenje lakumbuyo. Linali lodzaza ndi madzi ofiira a dzimbiri, sensa itadyeka ngati msomali wa padenga lakale. Kompyuta ikasiya kuimva sensa imeneyi imabweza moto m'mbuyo kuti iteteze injini, ndiwo ulesi uja. Ndipo si zokhazo. Waya woluka uja ndi tupa weniweni: pamene hozi inkakhudza mawaya a ma injector, zopopera petulo, inali itapala kale chikopa mpaka mkuwa kuonekera. Sensa yatsopano inachokeranso kunja, milungu itatu galimoto ili pansi pa mtengo wa mango, ine ndikukwera njinga zamalonda ngati wina aliyense muno.

Eni kit amati mabowo anayi amateteza silinda 7, imene anthu a mpikisano amaidandaula kuti imatentha kuposa zinzake. Ngati muli ndi turbo ndipo mumathamangitsa pabwalo, mwina n'zomveka. Ine ndimapita ku Mfuwe ndi ku Lundazi.

Njira ina yolumikizira kapaipi kaja ndi kuboola pampu ya madzi pamwamba, kudula mazinga, n'kumangapo nipo, kachitsulo kovekapo hozi. Imagwira ntchito, ndipo boneti ikatsegulidwa pamaoneka paukhondo chifukwa hozi yake ndi yaifupi. Koma pampuyo muichotse kaye, apo ayi tizidutswa ta aluminiyamu tilowa m'madzi. Chenjerani ndi mazinga: nipo za ku America ndi 1/8 NPT, mazinga 27 pa inchi, pamene tapu imene mungaipeze mosavuta kuno ndi 1/8 BSP, ya mazinga 28. Zimayamba kulowana bwinobwino ngati zogwirizana. Mnzanga wina wa ku Katete anakakamiza, pampu inang'aluka. Komanso tsiku limene pampu idzafe, yatsopanoyo mudzaiboolanso.

Kudula hozi yapamwamba ya rediyeta n'kuikapo kachitsulo kokhala ndi nipo ndiko kosavuta kuposa zonse, ntchito ya mphindi zochepa ndi mpeni. Mwaonjezera makilampu awiri oti n'kudzadontha, basi. Ngati rediyeta yanu ili ndi thanki ya pulasitiki, tengani imeneyi, nipo iloze kumwamba.

Ine ndinabwerera ku paipi yachitsulo ya GM imene ndinaiponya m'kabokosi ka zotsalira. Mabowo akumbuyo ndinatseka ndi tizitsekero take, ma O-ring atsopano, mabauti omangidwa mpaka 12 Nm pa sipanala yoyeza mphamvu, osapitirira chifukwa ndi ang'ono ndipo akulowa mu aluminiyamu. Hozi yodutsa mu throttle body, kachitseko kolowetsa mpweya mu injini, ndinailambalalitsa; ntchito yake ndi kuletsa madzi oundana, ndipo ngakhale mu June kuno sitifika pamenepo. Rediyeta yanga ndi yamkuwa, choncho ndinaitengera kwa mdala wina wowotcherera marediyeta.

"Adada, nipo iikeni apa pambali, hozi idutse pansi isaoneke," ndinatero.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwana wanga, iwe ufuna kukongoletsa kapena kutulutsa mpweya? Ikatsika, mpweya ukhala pomwepo."

Anaiwotcherera pamwamba penipeni pa thanki, ndipo hozi ya kota inchi imangokwera kuchokera pahedi mpaka kukafika, yopanda potsika. Anandilipiritsa ndalama yosakwana ngakhale "handling" ija. Pothira madzi ndinavula kahoziko, n'kumathira pang'onopang'ono kudzera mu hozi yapamwamba mpaka madzi atatuluka pakapaipi opanda thovu, kenako n'kubwezeretsa. Yesaninso kuyeza musanayambe: ngati injini mwaikweza kwambiri moti mahedi aposa thanki ya rediyeta, pafunika kathanki kapadera kokhala pamwamba pa zonse.

Chibwerereni ku paipi yakaleyo ndatsikira ku chigwa cha Luangwa kangapo, kutentha kwa ku Mfuwe kuja, ndipo madzi ali pamzere umene ndinawasiya. Kit ija ili m'katoni mwake kuseri kwa chitseko cha galaja. Amene akuifuna abwere adzatenge ulere, koma O-ring yachinayi adzabwere nayo yekha.